Tsiku limene matabwa a pamlatho anapita kumsonkhano

Ndiyambe ndi bodza langa. Mwana wanga woyamba atakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, ndinauza bambo ake kuti katemera wa chikuku anatha kusikelo, atiuza kuti tikabwerenso mwezi wamawa. Iwo anangopukusa mutu n'kupitiriza kupopa njinga. Zoona zake n'zakuti kusikeloko sindinafikeko. Ndinafika pamlatho, ndinaima, ndinamasula mwana kumbuyo n'kumuberekanso molimba, ndinaimanso. Kenako ndinakakhala pansi pa mkuyu mpaka amayi anzanga atayamba kubwerera, ine n'kulowa pakati pawo ngati ndachokera komweko.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa sitandade 3 pa sukulu ina ya pakati pa maesiteti a fodya, mkati ndithu kuchokera pa Kamwendo. Ndinali nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi, satifiketi yanga ili mufelemu pakhoma. Bambo a mwana anali kalaliki wa pa esiteti. Pakati pa ife ndi dziko lonse panali mlatho wamatabwa, ndipo mtengo wa mango umene alangizi a zaumoyo ankakolekapo sikelo kamodzi pamwezi unali tsidya linalo.

Mlathowo ati unamangidwa nthawi ya atsamunda kuti fodya azituluka. M'mbali zake zonse ziwiri munali mitanda yakuda yonunkha phula, yopingasana ngati denga la tchalitchi lisanafoleredwe, yogwiridwa ndi mabawuti aakulu ngati chibakera changa. Mitandayo inalibe vuto, ngakhale chiswe chinkaikana. Vuto linali popondapo. Kunsi kwake kunali madzi obwerera kuchokera ku damu la esiteti, obiriwira, osayenda, akuya chaka chonse, moti zowoloka wapansi panalibe.

Anthu a kumeneko sankaba matabwa a pamlatho. Ankabwereka. Matenanti ambiri anali alendo ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, opanda mtengo wawowawo woti n'kucheka. Maliro akagwa kukomboni, matabwa a bokosi ankachokera pamlatho, ndipo banjalo linkayenera kubweza chilichonse chathabwa mwezi usanathe. Ndiye poponda pamlathowo panali chitseko chathunthu chokhala ndi bowo la kiyi, mbali ya ngolo, pamwamba pa desiki ya sukulu yathu yomwe, ndi thabwa la bawo lili ndi maenje ake. Mvula ikagwa maenjewo ankadzaza madzi, mbalame n'kumamwapo.

Woyang'anira zobwerekazi anali mkulu wina amene kale ankagwira ntchito yokonza misewu. Kampu yawo inatsekedwa kalekale, koma iwo kalata yowachotsa sanalandire, ndiye m'mawa uliwonse ankavala ovolosi n'kubwera kudzakhala pamlatho ndi sipanala. Tonse tinkawatchula kuti akapitawo.

Ndisanabereke ndinkadutsa pamenepo nditasenza makope, ndikuimba. Nditabereka ndinayamba kuona mipata. Tsiku lina ndinatenga rula ya kusukulu n'kukayeza mpata waukulu kwambiri, wa pakati pa chitseko ndi bawo, ndipo nditafika kunyumba ndinayeza mutu wa mwana. Mutu unali waukulu kuposa mpatawo. Sakanalowa, masamu anali poyera, ine ndemwe ndinkaphunzitsa kuyeza. Koma mtima unkafunsabe kuti nanga akagwa chammbali, nanga chitsekocho chikatseguka.

Akatemera oyamba aja bambo ake ndi amene ankamunyamula, ine ndili pambuyo nditagwira lamba wawo, maso nditatsinzina. Koma miyezi isanu ndi inayi inakwana nthawi yodinda fodya, iwo ali kuchigafa kuyambira m'mawa, ndipo anandiuza kuti, "Mayi wamkulu ngati iwe, wa satifiketi, ungalephere kamlatho kameneka?" Ndinayankha kuti sindingalephere.

Patangopita sabata ziwiri chinamizireni, chikuku chinalowa kukomboni. M'kalasi mwanga ana anayamba kubwera ndi maso ofiira, kenako osabwera. Mwezi umenewo mlatho unabwereketsa matabwa awiri aafupi. Ine ndikaweruka ndinkasamba ndi kusintha zovala ndisanayamwitse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatembenuza mwana ngati chigumu pamoto, kumuyang'ana kuseri kwa makutu. Bambo ake ankati, "Zoona boma lingasowe katemera nthawi ngati ino?" Ine ndinkavomereza kuti n'zomvetsa chisoni.

Tsiku la sikelo lotsatira linali Lachinayi, m'chaka cha chisankho chachiwiri cha matipate. Bambo a mwana anali atapita ndi mabelo ku okushoni ku Lilongwe. Ahedi anatseka sukulu chifukwa pabwalo pathu panali pokonzekera msonkhano wa chipani china. Podutsa ndinaona nsanja yatsopano yokutidwa ndi nsalu, mpando wa ahedi uli pamwamba, koma sindinaganize kanthu. Ndinali ndi mayi woyandikana naye nyumba, mkazi wa tenanti, wa ana asanu, amene ndinkamutchula kuti achemwali. Iwo bodza langa ankalidziwa, chifukwa anandipeza pansi pa mkuyu paja.

"Lero muwoloka, amadamu," anatero. "Mukakana ndikuberekani nonse awiri."

Titafika, pakati pa mlatho panalibe kanthu. Kumayambiriro chitseko ndi bawo zinalipo, kumapeto ngolo ndi desiki zinalipo, koma pakati panangotsala mitanda itatu yaitali ndi madzi obiriwira aja akuonekera. Amayi ankawoloka chammbali pamtanda wa kumphepete, manja atagwira mitanda yopingasa ija, ana ali kumbuyo akulendewera pamwamba pa madzi. Akapitawo anali pamalo pawo akupukuta sipanala.

"Akapitawo, matabwa ali kuti?" ndinafunsa.

"Apita kumsonkhano."

"Abwera liti?"

"Msonkhano ukatha. Sanabe ayi. Atcheya a chipani anabwera okha dzulo, anachita kuvula chipewa. Pakati paja ndi pamene panatsala matabwa enieni, ndiye anasankha amenewo. Munthu wamkulu sangaime pa chitseko."

"Msonkhanowo ndi wa chiyani?"

"Akubwera kudzalonjeza mlatho."

Achemwali anaseka mpaka kugwira bondo. Kenako anandiuza kuti ndiwapatse mwana akamuwolotse, abwerenso kudzatenga wawo. Ndinakana. Miyendo yanga sindinkaikhulupirira, koma ya munthu wina ndiye ayi ndithu. Anandiyang'ana, anamanga chitenje chawo, anawoloka akutafuna nzimbe.

Tsidya linalo alangizi a zaumoyo, amene aliyense ankawatchula kuti adokotala, anali pansi pa mango ndi bokosi lawo la ayezi, mzere wa amayi utakhota mpaka kumsewu. Achemwali anawalozera ine. Adokotala anabwera kumphepete n'kuika manja kukamwa.

"Amadamu, botolo la chikuku ndatsegula lomaliza. Ayezi akusungunuka. Mzere ukatha ndanyamuka."

"Simungabwere kuno, adokotala?"

"Bokosi ili likagwera m'madzimo ndikafotokoza bwanji ku boma? Ndiponso nsapato zanga n'zoterera."

Ndinabwerera pansi pa mkuyu wanga. Sindibisa, ndinayamba kukonza bodza lachiwiri. Ndinali nditafika pakuti adokotala anachita ngozi ya njinga pamene tinamva zimkuzamawu. Galimoto zitatu zinatulukira tsidya linalo, fumbi lili koboo, n'kuima pamlatho. M'galimoto yapakati munatuluka amene ankafuna uphungu wa dera lathu. Masiku amenewo otere tinkawatchula kuti ashado. Anali bambo wonenepa bwino, wa suti yotuwa ndi nsapato zosongoka. Atcheya anafika akuthamanga kuchokera kusukulu, ndipo awiriwa anayamba kukambirana mokuwa, madzi ali pakati.

"Atcheya, mlatho uli kuti?"

"Uli kubwalo, bwana. Ukukudikirani."

"Ndiwoloka bwanji?"

"Mungoyenda pamtandapo, bwana. Amayi akudutsa, onani."

Ashado anayenda mpaka pamene matabwa anathera, anasuzumira pansi, anayang'ana nsapato zawo. Nkhope imene anapanga ndinaidziwa, inali yanga. Ndinawakonda pang'ono.

"Sikuti ndikuopa," anatero. "Koma mtsogoleri safika pamsonkhano chammbali ngati nkhanu. Bwezani matabwawo."

"Tikabweza, bwana, muima pa chiyani? Nsanja ndi yomweyo."

Dalaivala wawo anati matabwa abwere, galimoto ziwoloke, kenako awazulenso n'kukakhomanso nsanja, abwana adikire m'galimoto. Apa akapitawo anaimirira.

"Thabwa likabwera labwera. Silibwerekedwa kawiri tsiku limodzi. Mabowo a misomali amachuluka."

"Madala, awa ndi aphungu a mawa," anatero atcheya.

"Abwere mawalo."

Wina anati azungulire njira ya ku Ludzi, wina n'kuti imeneyo afika dzuwa litapendeka, anthu atabalalika. Ine ndinkangoyang'ana mzere wa pansi pa mango. Unali utafupika, suli kumsewunso. Mwana anadzuka, ndinamuyamwitsa, ndinamuyang'ana kuseri kwa makutu.

Amene anathetsa nkhaniyi anali mayi wina wovina, atatopa kudikira padzuwa. Anati bwanji nsanjayo ingobwera yonse. Patapita kanthawi tinamva nyimbo ikuchokera kusukulu. Amuna ngati makumi awiri anatulukira atanyamula nsanja yathunthu pamapewa, nsalu zikuuluka, mpando wa ahedi uli pamwamba wina ataugwirira mwendo. Anthu onse a kubwalo anali pambuyo. Anaitsitsa pakati pa mlatho. Miyendo yake inalowa pakati pa mitanda n'kumalendewera pamwamba pa madzi, ndipo pamwamba pake panakhala ndendende pampata paja, kungoti panatukuka kufika m'mawondo. Inakwana bwino chifukwa matabwa ake anali a pomwepo.

Akapitawo anaizungulira, anaigogoda ndi sipanala, n'kulamula kuti pamlatho pasakwere anthu opitirira khumi. Ashado anayenda pa ngolo ndi pa desiki mosamala ngati akuponda mazira, anakwera nsanja, anakhala pampando. Anthu anadzaza magombe onse awiri. Msonkhano unayamba ndi pemphero.

Tsopano mpata unali utatsekedwa, koma njira yopita kusikelo inkadutsa pakati pa maikolofoni ndi mawondo a ashado. Ndipo aphunzitsi tinali titawerengeredwa kalata yoti wogwira ntchito m'boma asaoneke kutsogolo pa zandale. Amayi ena amene anachedwa ngati ine anangopitiriza kuyenda chammbali kumphepete, kuseri kwa nsalu, osasokoneza aliyense. Ine kumphepeteko sindikanatha. Ndinaganiza zodikira kuti msonkhano uthe. Pemphero linatha, amayi anavina, atcheya anayamba kutchula mayina a alendo mmodzimmodzi ndi maudindo awo. Pansi pa mango panatsala amayi anayi. Kenako awiri. Achemwali ankandikodola ndi manja onse.

Ashado ataimirira kuti alankhule, ndinaona adokotala akukwera pa njinga yawo kuti amasule sikelo kunthambi. Sindikudziwa kuti ndinaganiza chiyani. Ndinasuntha mwana kumubweretsa kutsogolo, ndinamukumbatira, ndinaponda thabwa loyamba. Akapitawo anati, "Ndinu wa khumi ndi mmodzi," koma sanandigwire. Ndinaponda chitseko. Sichinatseguke. Ndinadumpha mpata wanga uja, ndinaponda bawo, chala chinalowa m'dzenje, ndinapitirira. Ndinkadziwa kuti ndikangoima sindiyendanso, ndiye nditafika pansanja ndinangokwera.

Zaka zimenezo pamsonkhano uliwonse pankakhala anthu otuluka chipani china n'kulowa cha amene achititsa msonkhanowo. Ankakwera pansanja, kuvekedwa nsalu, n'kunena zoipa za kumene achokera. Ine ndinakwera nthawi imene ashado ankati anthu ozindikira akubwera okha. Atcheya anandiona, maso anawala, analanda maikolofoni.

"Amayi ndi abambo, aphunzitsi athu alowa."

Nthungululu zinachokera magombe onse awiri. Mayi wina anandikulunga nsalu ya chipani pamodzi ndi mwana yemwe. Atcheya anandiika maikolofoni pakamwa.

"Ndikungodutsa," ndinatero. "Ndikupita kusikelo."

Mawu anga anatuluka m'zimkuzamawu aakulu ngati a munthu wina. Ashado sanachedwe.

"Mwamva? Awa ndi mayi ophunzira. Zipani zonse aziika pasikelo, ndipo chathu chalemera."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaona adokotala akumangirira bokosi pakaliyala, ndipo ndinagwira dzanja la atcheya n'kukokera maikolofoni kwa ine.

"Adokotala, musapite. Mwanayu sanabayidwe. Mwezi watha sindinabwere, ndinawanamiza bambo ake kuti katemera anatha."

Ndinali nditaulula kwa maesiteti atatu nthawi imodzi, ndipo bambo a mwana anadzazimvera pa Kamwendo asanafike n'kunyumba komwe. Atcheya anatsokomola.

"Akuti ananamizidwa," anatero. "Kumene anali kuja ankawanamiza."

Nthungululu zinayambiranso. Koma adokotala anali atamva. Anatsitsa bokosi n'kukhala pamuzu wa mango.

Wojambula zithunzi amene anabwera ndi ashado ananena kuti abwana anyamule mwanayo. Ndisanayankhe, mwana anali m'manja mwawo, akukoka tayi. Ashado analengeza kuti iwo ndi munthu wa zochita, mwanayu amuperekeza okha kukatemera. Anatsika nsanja n'kuyamba kuyenda kulowera kumene anachokera. Akanakhala munthu wina ndikanakuwa. Koma awa ndinali nditawaona nkhope, ndinadziwa kuti palibe amene ayende mosamala kuposa iwo. Ndinawagwira jekete kumbuyo.

"Musayang'ane pansi, mayi," anandinong'oneza tili pa desiki. "Inenso sindikuyang'ana."

"Nanga tikuona ndani njira?"

"Ingoyendani."

Tinafika. Ashado anapereka mwana kwa adokotala pang'onopang'ono kuti chithunzi chigwire, anapukuta thukuta, anabwerera kukalonjeza mlatho wa simenti. Adokotala anaunika botolo padzuwa, anakoka mankhwala, anabaya. Mwana analira kulira kwenikweni, kokwiya, ndipo ine ndinakhala pansi pafumbi. Adokotala analemba deti pakhadi n'kundipatsa.

"Pakatha sabata akhoza kutentha thupi pang'ono, musadabwe," anatero. "Ndipo tsiku lina mukadzafuna kunama, muzidzanamizira mvula. Ine katemera sanandithere."

Achemwali anandidzutsa. Anati tifulumire msonkhano usanathe, chifukwa palibe amene ankadziwa kuti nsanjayo ikachoka matabwa akhomedwa liti. Iwo analowera kumphepete kwawo kuja. Ine ndinayendanso pa ngolo ndi pa desiki, khadi lili m'bulauzi, n'kukweranso nsanja. Ashado anali pakati pofotokoza kutalika kwa mlatho watsopano. Atcheya ananditchingira njira.

"Mayi, mwalowa kale. Nsalu ndi imodzi pa munthu."

"Sindikufuna ina. Ndikubwerera kumene ndachokera."

Atcheya anavula chipewa msangamsanga n'kuphimba maikolofoni.

"Mawu amenewo osawanena pano," anatero chapansipansi. "Dutsani mwakachetechete. Muzimwetulira."

Ndinadutsa ndikumwetulira, amayi akuimba, mpaka ndinaponda dothi la tsidya lathu.

Patapita masiku asanu ndi atatu mwana anatentha thupi, monga ananenera adokotala. Ndinapempha tsiku kwa ahedi, ndinakhala naye pakhonde ndi kansalu konyowa, ndipo pofika madzulo anali akukwawa kuthamangitsa nkhuku. Chikuku chinakhala kukomboni mpaka mwezi wozizira. Chinalowa nyumba zitatu za mzere wathu, koma ya achemwali ndi yathu ayi.